Kulondola ma update ndi malaisensi a Windows pa ofesi: yambani ndi kaundula

Lolemba lina m'mamawa foni inalira ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali mayi amene amayang'anira zandalama pa ofesi ina yomwe ndimaisamalira makompyuta. "Achimwene, tabwerani kuno. Pakona pa sikirini patuluka mawu akuti Activate Windows, ndipo sakuchoka. Malipiro a anthu ndi Lachisanu lino. Mafayilo angawa satayika?" Ndinawakhazika mtima pansi kuti mafayilo ali bwinobwino. Koma nditafika n'kuifunsa laputopuyo za laisensi yake, inandionetsa kuti imadalira seva ya KMS, kompyuta yomwe imatsimikiza malaisensi a Windows m'mabungwe aakulu, pomwe ofesiyo sinakhalepo ndi seva yotero. Inali imodzi mwa malaputopu asanu omwe anagulidwa pa sitolo ina m'tauni miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Wogulitsa anaikamo kapulogalamu konamiza Windows, ndipo masiku 180 atakwana bodzalo linatha mphamvu. Sabata isanathe anayi otsalawo anayambanso chimodzimodzi.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ndinachiona pambuyo pake. Pa malaputopu onse asanuwo Windows Update inali yozimitsidwa, moti chiwagulireni anali asanalandireko update ngakhale imodzi. Mmenemo ndi momwe munkasungidwa manambala a maakaunti a kubanki a antchito onse. Nditafunsa za lisiti, mayiwo anati lili kwa abwana, abwana anati lili kwa wosunga katundu, wosunga katundu anati iye anangolandira makatoni. Palibe amene anali ndi mtima woipa. Kungoti palibe amene analemba kalikonse.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a ofesi ya makompyuta asanu, makumi awiri, kapena makumi anayi: sukulu, kachipatala, bungwe, kampani yaing'ono. Safuna pulogalamu yodula. Afuna pepala limodzi la Excel, munthu mmodzi wodziwika kuti ntchitoyi ndi yake, ndi tsiku limodzi pamwezi.

Choyamba: awerengeni ndipo muwapatse mayina

Tengani zomatamata ndi cholembera chosafufutika, muzungulire ofesi yonse ndi miyendo yanu. Musadalire mndandanda wakale wa katundu. Makompyuta amene amaiwalika ndi omwewo nthawi zonse: laputopu yomwe abwana amapita nayo kunyumba, kompyuta ya polandirira alendo yomwe yalumikizidwa ku pulinta, ya kunthambi ya kuboma lina, ndi ija inaikidwa m'kabati munthu atasiya ntchito. Imeneyi tsiku lina idzatulutsidwa n'kupatsidwa kwa wantchito watsopano ili ndi mabowo a chitetezo osatsekedwa kwa zaka ziwiri.

Iliyonse muipatse dzina lonena malo ndi ntchito, monga LL-AKAUNTI-01 kapena BT-SITOLO-02. Dzinalo lisapitirire zilembo 15, chifukwa lalitali limadulidwa pa neteweki. Lilembeni pa chomata chapansi pa kompyuta, ndiponso muliike mkati: Settings, System, About, kenako Rename this PC. Dzina la munthu musaligwiritse ntchito. Anthu amachoka, makompyuta amatsala.

Mukatero tsegulani pepala lanu la Excel, mzere umodzi kompyuta imodzi. Madanga oyambirira akhale dzina, mtundu wa kompyuta, nambala ya siriyo, amene akuigwiritsa ntchito, tsiku logulira, ndi komwe kuli lisiti. Ngati chomata cha siriyo chinafufutika, tsegulani PowerShell, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, mulembe kuti Get-CimInstance Win32_BIOS ndipo nambalayo ituluka pa mzere wa SerialNumber. Ameneyu ndiye kaundula wanu. Zonse zotsatira zizilowa m'menemu.

Chachiwiri: dziwani Windows yomwe ili pa iliyonse

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, dinani Enter. Kabokosi kamene katuluke kali ndi zinthu zitatu zofunika kulemba: ngati ndi Home, Pro, Enterprise kapena Education, Version, monga 24H2, ndi OS Build, yomwe ndi manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho.

Nambala ya kumanzere kwa kadonthoko imanena m'badwo. 19045 ndi Windows 10 22H2. 22631 ndi Windows 11 23H2, 26100 ndi 24H2, ndipo 26200 ndi 25H2. Nambala ya kumanja ndiyo yomwe muziiyang'anitsitsa, chifukwa imakwera mwezi uliwonse update ikalowa. Makompyuta khumi a 26100 akakhala kuti asanu ndi anayi ali ndi nambala yofanana kumanjaku koma imodzi ili m'munsi kwambiri, mwaipeza yotsalira popanda kutsegula china chilichonse.

Onjezani danga la tsiku lomwe Microsoft imasiya kuthandiza m'badwo umenewo. Anthu ambiri amaganiza kuti akangofika pa Windows 11 ndiye kuti apuma. Ayi ndithu. M'badwo uliwonse wa Windows 11 umalandira ma update kwa miyezi 24 pa Home ndi Pro, ndi miyezi 36 pa Enterprise ndi Education. Pa Home ndi Pro, tsiku lothera la 23H2 linali 11 November 2025, ndipo la 24H2 ndi 13 October 2026. Tsikulo likadutsa kompyuta imayakabe, Word imatsegukabe, koma mabowo atsopano amakhala osatsekedwa.

Chachitatu: laisensi

Apa ndipo ndichedwepo, chifukwa ndi pomwe maofesi ambiri amanamizidwa.

Pa kabokosi kaja ka Windows ndi R lembani slmgr /dlv ndipo mudikire pang'ono. Pa zomwe zituluke, funani mzere wa Description. Kumapeto kwake kuli mawu onena njira yomwe laisensiyo inadzera. Njira zake ndi zinayi, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake.

OEM ndi laisensi yomwe inabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale, monga kwa HP, Dell kapena Lenovo. Kuyambira nthawi ya Windows 8 mu 2012, kiyi wake amasungidwa mkati mwa motherboard, salembedwanso pa chomata chakunja. Mutha kumuona polemba mu PowerShell kuti Get-CimInstance SoftwareLicensingService | Select OA3xOriginalProductKey. Laisensi imeneyi ndi ya kompyuta yomweyo basi. Ikafa, laisensi yafera limodzi, simungaisamutsire kwina.

RETAIL ndi yogula payokha. Iyi mutha kuichotsa pa kompyuta yakale n'kuiika pa yatsopano, bola isakhale pawiri nthawi imodzi.

VOLUME_MAK ndi kiyi mmodzi wa bungwe lomwe linachita mgwirizano ndi Microsoft, wokhala ndi chiwerengero cha maulendo omwe angagwiritsidwe ntchito. Ulendo uliwonse mukafafaniza kompyuta n'kuikanso Windows, chiwerengerocho chimatha kuchepa, choncho lembani mu kaundula nthawi iliyonse mwamugwiritsa ntchito.

VOLUME_KMSCLIENT ndi kompyuta yomwe imapita kukatsimikizidwa ku seva ya bungwe lake. Chitsimikizocho chimakhala masiku 180, ndipo kompyuta imayesa kuchikonzanso masiku 7 aliwonse. Seva ya KMS siyamba kutsimikiza Windows ya antchito mpaka makompyuta okwana 25 atailumikiza. Ndiye ngati ofesi yanu ili ndi makompyuta asanu ndi atatu, mulibe seva, simunasainepo mgwirizano uliwonse wa malaisensi ambiri, koma mukuona KMSCLIENT, dziwani kuti wina anakupusitsani. Yang'anani mzere wa KMS machine name. Mukapeza dzina lachilendo la pa intaneti kapena nambala yoloza kompyuta yomweyo, nkhani yatha.

Lembani mu kaundula njira imeneyi pamodzi ndi zilembo zisanu za pa Partial Product Key. Zisanu zokhazo, osati kiyi yense. Makiyi athunthu asungidwe kwina kokiyidwa, komwe amafikako anthu awiri okha. Musadabwe kuona makompyuta angapo a Pro akuthera ndi 3V66T. Ameneyo ndi kiyi wamba amene amaoneka pomwe laisensi inalembedwa ku maseva a Microsoft molingana ndi zipangizo za kompyutayo. Koma T83GX pa Windows Pro ndi kiyi wa KMS.

Lamulo lina lalifupi ndi slmgr /xpr. Limangonena ngati chitsimikizo ndi chokhalitsa kapena chili ndi tsiku lothera. Tsiku likatuluka, lilembeni.

Tsono mvetserani bwino apa. Kompyuta kunena kuti activated sikutanthauza kuti muli ndi laisensi. Masiku ano kuli njira zakuba zomwe zimachititsa Windows kuoneka yotsimikizidwa mpaka kalekale, osasiyana m'pang'ono pomwe ndi yogula. Kulinso makiyi otchipa kwambiri a pa intaneti, omwe ambiri ndi a MAK otayika kuchokera ku mabungwe ena. Amagwira lero, mawa Microsoft yawatseka. Umboni weniweni ndi wa papepala: lisiti lonena kuti kompyutayo inagulidwa ndi Windows yakutiyakuti, invoyisi ya wogulitsa wovomerezeka, kapena mgwirizano womwe ukuoneka mu akaunti ya bungwe lanu ku Microsoft. Ofufuza mabuku a zandalama kapena opereka thandizo akabwera, safunsa zomwe sikirini ikunena. Amafuna pepala. N'chifukwa chake ine danga la lisiti ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse, ndipo lisiti lililonse ndimalijambula n'kulisunga ndi dzina la kompyuta yake.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: laisensi ya Windows ya mgwirizano wa malaisensi ambiri ndi yokwezera chabe. Imafuna kuti pansi pake pakhale kale Windows yovomerezeka, kawirikawiri Pro. Kugula makompyuta opanda Windows poganiza kuti kiyi wa bungwe akwanira ndi kulakwitsa komwe kumadzaoneka mochedwa. Komanso Home siyenera pa ofesi yomwe ikukula: singalowe mu domain, neteweki yomwe makompyuta onse amayang'aniridwa pamalo amodzi, ndipo ilibe gpedit.msc, chida choikira malamulo a Windows chomwe muchifune posachedwapa.

Musaiwale Office. Tsegulani Word, pitani ku File, kenako Account, muone dzina lake ndi mmene chitsimikizo chilili. Office 2016 ndi 2019 zinasiya kuthandizidwa pa 14 October 2025, ndipo tsiku la Office 2021 ndi 13 October 2026. Microsoft 365 ndi yosiyana, chifukwa laisensi yake ndi ya munthu osati ya makina. Munthu mmodzi atha kuiika pa makompyuta asanu, ndipo imafuna kuona intaneti kamodzi pa masiku 30. Laputopu ya wantchito wa kumudzi yomwe yatha mwezi ndi theka osalumikizidwa idzayamba kukana kulemba, ngakhale ndalama zinalipiridwa. Muuzeni asananyamuke.

Chachinayi: gamulani za Windows 10

Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 October 2025. Mzere uliwonse wa 19045 mu kaundula wanu ukufuna chigamulo, ndipo chigamulocho chilembedwe.

Yambani ndi kuona ngati kompyutayo ingalandire Windows 11. Pulogalamu ya PC Health Check imakuuzani mwachindunji. Zofunika za Windows 11 ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), Secure Boot, RAM yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Ikakana chifukwa cha TPM musafulumire kutaya mtima. Nthawi zambiri imakhalamo koma yozimitsidwa mu BIOS, tsamba la zosintha za motherboard lomwe mumalowamo Windows isanayake, komwe imatchedwa PTT pa Intel ndi fTPM pa AMD. Ndaona makompyuta omwe anali atalembedwa kale kuti agulitsidwe akupulumuka ndi kusintha kamodzi kokhako. Kukweza kuchoka pa Windows 10 yovomerezeka ndi kwaulere.

Yomwe singakwere ili ndi njira zitatu. Mutha kulipira Extended Security Updates, yomwe kwa mabizinesi ndi madola 61 pa kompyuta chaka choyamba, mtengo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse, kwa zaka zitatu basi. Wolowa mochedwa amalipiranso zaka zomwe anadumpha. Mutha kuikamo Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, ngati ntchito yake ndi intaneti ndi kulemba makalata. Kapena muichotse pa neteweki. Njira zokakamiza Windows 11 pa makina osayenera zilipo, koma pa kompyuta ya ntchito ine sindizilimbikitsa, chifukwa Microsoft silonjeza kuti ipitiriza kuipatsa ma update.

Chachisanu: ikani tsiku pa kalendala

Ma update a chitetezo amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, lomwe nthawi zonse limagwa pakati pa tsiku la 8 ndi la 14. Ku Malawi amafika cha m'ma 7 kapena 8 koloko usiku, anthu ataweruka. Ndiye ntchito yanu imayamba Lachitatu m'mawa.

Pali zoopsa ziwiri zomwe zimakokerana, ndipo zonse ndi zenizeni. Choyamba ndi kuchedwa. Pa 12 May 2017 kachilombo ka WannaCry kanatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 150, ndipo ku England zipatala za NHS zinabweza odwala pafupifupi 19,000 omwe anali ndi masiku okaonana ndi madokotala. Chigamba chotseka bowo lomwe kanadzeramo chinali chitatuluka pa 14 March, miyezi iwiri m'mbuyomo. Chakudza sichiimba ng'oma. Chachiwiri ndi kuthamangira onse pamodzi. Pa 19 July 2024 update yolakwika ya kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni m'maola ochepa, ndege n'kuima, mabanki n'kusokonekera. Sinali update ya Microsoft, koma phunziro lake ndi lomwelo: chinthu chatsopano chisalowe paliponse nthawi imodzi.

Choncho gawani makompyuta anu m'magulu atatu, ndipo gulu lilembedwe mu kaundula. Gulu loyamba ndi makompyuta awiri kapena atatu omwe akavuta ofesi siima, kuphatikizapo yanu. Amenewa alandire Lachitatu. Sankhani mitundu yosiyana, ndipo yesani zomwe ofesi imadalira: pulinta, sikana, pulogalamu ya maakaunti, masamba a banki ndi a msonkho. Pakapita masiku atatu kapena anayi popanda vuto, tsegulirani gulu lachiwiri, lomwe ndi la anthu ambiri. Gulu lachitatu ndi lija losafunika kusokonezedwa, monga ya malipiro ndi ya pa kauntala yogulitsira. Limeneli lilandire sabata yotsatira, koma mwezi usanafike kumapeto, pomwe a zandalama amakhala pa moto.

Pa Windows Pro kuchedwetsaku kumaikidwa kamodzi kokha mu gpedit.msc, pansi pa Windows Update: ma update a mwezi atha kuchedwetsedwa mpaka masiku 30, ndipo m'badwo watsopano mpaka masiku 365. Gulu lachiwiri ndimalipatsa masiku 4, lachitatu masiku 10. Batani la Pause updates limaimitsa mpaka masabata asanu, koma ndi la pangozi. Anthu akalizolowera amalidina mwezi ndi mwezi.

Musanayambe chilichonse, mafayilo ofunika akhale ndi kope kwina. Ndiponso fufuzani BitLocker, chida cha Windows chobisa zomwe zili pa disiki. Malaputopu ambiri atsopano amabwera atabisa kale zomwe zili pa disiki mwini wake osadziwa, ndipo nthawi zina update ya BIOS kapena ya Windows imachititsa kuti poyaka ifune kiyi wa manambala 48. Wopanda kiyi ameneyu mafayilo ake apita, palibe katswiri amene angawatulutse. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani manage-bde -protectors -get C: ndipo musunge manambalawo pamodzi ndi makiyi a laisensi. Mu kaundula mungolemba kuti kiyi alipo ndi tsiku lomwe munamuona.

Za bandulo ndi magetsi

Malangizo ambiri olembedwa kunja amaganiza kuti intaneti ndi yosatha. Kuno makompyuta makumi awiri akamakoka fayilo yomweyo aliyense payekha, bandulo ya mwezi imatha pofika Lachinayi, ndipo chotsatira n'chakuti wina amalamula kuti ma update azimitsidwe. Musafike pamenepo. Pitani ku Settings, Windows Update, Advanced options, Delivery Optimization, muyatse kulandira kuchokera ku makompyuta ena, n'kusankha a pa neteweki ya ofesi okha. Imodzi ikakoka, inzake imatenga kwa iyo. Pa tsamba lomwelo la Advanced options yatsaninso kulandira ma update a zinthu zina za Microsoft.

Chenjerani ndi Metered connection. Windows ikauzidwa kuti intaneti ndi yowerengedwa, imasiya ma update ambiri akudikira. Laputopu yomwe imangodalira hotspot ya foni imatha miyezi ili choncho, mwini wake akuganiza kuti zonse zili bwino. Kwa nthambi yomwe neteweki ndi yovuta, pitani pa Microsoft Update Catalog, funani nambala ya update ya mweziwo, yomwe imayamba ndi zilembo za KB, koperani fayilo pa fulashi n'kupita nayo. Onetsetsani kuti ndi ya m'badwo woyenera, ndipo tsambalo likakupatsani mafayilo awiri tengani onse.

Magetsi akazima update ili mkati, Windows nthawi zambiri imadzibweza yokha, koma osati nthawi zonse. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS, batire losunga magetsi, musaiyambitse nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi amathima kwanuko. Laputopu ikhale yodzaza ndi yolumikizidwa. Ikani Active hours kuti isadziyambitsenso anthu ali pa ntchito. Ndipo auzeni antchito mobwerezabwereza kuti kutseka chivundikiro cha laputopu si kuzimitsa. Update yomwe yakokedwa koma kompyuta osayambitsidwanso ili ngati mankhwala omwe ali m'thumba. Akaona kadontho pa batani lozimitsira asankhe Update and restart.

Chachisanu ndi chimodzi: bwererani mukaone, ndipo mulembe

Sabata yachitatu ya mwezi zungulirani kachiwiri. Pa iliyonse winver, lembani nambala ya kumanja ndi tsiku lomwe mwaona. Nambala yoyenera ya mweziwo ili pa tsamba la Microsoft la Windows release health. Yofanana ipakeni mtundu wobiriwira, yotsalira mwezi umodzi wachikasu, yotsalira miyezi iwiri kapena kuposa wofiira. Abwana sawerenga manambala a build, koma mizere itatu yofiira amaiona ali chiimire. Lamulo la Get-HotFix limaonetsa ma KB omwe analowa ndi masiku ake, koma silionetsa zonse, choncho nambala ya build ndiyo yodalirika.

Yofiira ili ndi chifukwa, ndipo Update history imakupatsani nambala ya vutolo. 0x80070070 ndiye kuti disiki yadzaza. 0xC004F074 ndiye kuti kompyuta ikufuna seva ya KMS koma sikuipeza. 0xC004C008 ndiye kuti kiyi wagwiritsidwa ntchito kupitirira malire ake, ndipo 0xC004C003 kawirikawiri ndi kiyi wotsekedwa. 0x803F7001 imatuluka pomwe Windows sikupeza laisensi, monga motherboard ikasinthidwa.

Yomwe imavutitsa anthu pachabe ndi 0x80072F8F. Ndinaitanidwapo pa kompyuta yomwe anthu awiri anali ataifafaniza kale n'kuikanso Windows, vuto osatha. Nditayang'ana pakona ya kumanja, wotchi inkanena chaka cha m'mbuyo kwambiri. Kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, kozungulira ngati kobili, kanali katatha, ndipo magetsi akangozima kompyutayo inkaiwala tsiku. Tsiku likalakwika maseva a Microsoft amakana kulankhula nayo, ma update ndi chitsimikizo zonse zimaima. Pa makompyuta ogula akale yang'anani wotchi musanayang'ane china chilichonse.

Update ikaswa chinthu, ichotseni pa Update history, Uninstall updates, lembani nambala yake ya KB mu kaundula, ndipo muimitse magulu otsalawo. Mukakwera m'badwo watsopano muli ndi masiku 10 okha obwerera kwakale kudzera pa Recovery.

Makompyuta akapitirira makumi atatu kapena anayi, kuzungulira ndi miyendo kumayamba kulemera. Pamenepo ganizirani Microsoft Intune, yomwe ili mkati mwa Microsoft 365 Business Premium ya mabungwe osapitirira anthu 300. Imaonetsa build ya kompyuta iliyonse pa tsamba limodzi ndipo magulu aja mumawaika kamodzi. WSUS, seva yakale yogawira ma update pa ofesi, ikugwirabe ntchito pomwe ilipo kale, ngakhale Microsoft inalengeza mu September 2024 kuti yasiya kuiwonjezera zatsopano, choncho sindingayambe nayo lero. Kwa omwe ali ndi makiyi a MAK ambiri, chida chaulere cha VAMT chimawerenga omwe atsala. Ngakhale zili choncho kaundula musamutaye. Zida zimenezi zimaona makompyuta omwe ayaka ndipo alumikizidwa. Ya m'kabati ija siziiona, ndipo lisiti sizilidziwa.

Munthu akachoka, ndi pogula yatsopano

Wantchito akasiya ntchito, tsiku lomwelo chotsani laisensi yake ya Microsoft 365 mu admin center mutasunga makalata ake, apo ayi muzilipirira munthu amene kulibe. Kompyuta yake isinthidwe dzina la mwini mu kaundula, ndipo isapatsidwe kwa wina isanafike pa build ya mweziwo. Yomwe yafa isafufutidwe mu kaundula. Ilembeni kuti yapuma, tsiku lake, ndi komwe laisensi yake yapita ngati inali RETAIL.

Pogula, ntchito yonseyi ichitikire pa kauntala ndalama zisanatuluke m'thumba. Pemphani wogulitsa ayatse kompyutayo. Lembani winver, kenako slmgr /dlv, kenako lamulo lija la OA3xOriginalProductKey. Pa kompyuta yatsopano muyembekezere kuona OEM ndi kiyi wa mkati mwa motherboard. Ngati kiyi wa mkatiyo ndi wa Home koma sikirini ikunena Pro, funsani kuti Pro yachokera kuti ndipo pepala lake lili kuti. Tsegulani Windows Update mudine Check for updates muone ngati ikuyenda. Mukatero nenani mwaulemu kuti, "Bambo, pa invoyisipo mundilembere nambala ya siriyo ya iliyonse, ndi mtundu wa Windows womwe mwandigulitsa." Wogulitsa zenizeni amalemba osanyinyirika. Akayamba zoti aliyense amagwiritsa ntchito yomweyi, kapena kuti ikavuta mudzangobwera nayo adzakukonzereni, thokozani, mupite sitolo ina.